Galu Wakuvutani Pakhomo? Mafunso ndi Mayankho kwa Oweta Agalu mu Blantyre

Ambiri mu Blantyre muno tinaweta galu chifukwa cha akuba. Koma pakapita miyezi ingapo, galu yemwe uja ndi amene amayamba kutigonetsa mochedwa, kutidanitsa ndi aneba, mwinanso kutilipiritsa nkhuku za eni. Mafunso ali m'munsimu ndi omwe amamveka kawirikawiri pamzere wa katemera ndi kwa dokotala wa ziweto. Mayankho ake onse atsamira pa mfundo imodzi: galu amabwereza chimene chamupindulira, ndipo chimene sichimupatsa kanthu amachisiya yekha.

Ndikufuna galu wolusa. Kodi n'zoona kuti ndizimutsekera m'khola usana wonse ndi kumudyetsa tsabola kapena chamba?

Ayi, ndipo malangizo amenewa ndi amene awononga agalu ambiri m'tauni muno. Galu wokulira m'kakhola kamdima, wongotulutsidwa usiku, sadziwa kusiyanitsa wakuba ndi mwana wa aneba amene wabwera kudzatola mpira. Kwa iye aliyense wosamudziwa ndi chilombo. Tsiku limene wina adzaiwale kutseka geti, wolumidwa sadzakhala wakuba. Adzakhala mwana wopita kusukulu, mayi wogulitsa masamba, kapena wantchito wanu watsopano, ndipo mlandu wonse udzagwera inu.

Tsabola amangomuwotcha m'kamwa ndi m'mimba. Chamba kwa galu ndi poizoni: amadzandira, amadzikodzera, nthawi zina amakomoka. Kudula makutu ndi mchira nakonso sikuwonjezera ukali, kumangomulanda ziwalo zimene amakuuzirani nazo zakumtima kwake.

Ntchito yeniyeni ya galu wa pakhomo ndi kukudzutsani. Wakuba amaopa phokoso ndi magetsi oyatsidwa m'nyumba. Ndipo galu amene amazindikira chachilendo ndi yemwe amadziwa bwino za masiku onse. M'mera mpoyamba: kuyambira masabata 3 mpaka pafupifupi 14, kagalu kamalandira zinthu zatsopano kopanda mantha ambiri, kenako khomo limenelo limayamba kutsekeka. M'nyengo imeneyi kaone ana, agogo oyenda ndi ndodo, munthu wosenza mtolo pamutu, wilibala, nkhuku, kamve phokoso la njinga yamoto, zonsezi modekha komanso kakulandira kachakudya. Popeza katemera wake amakhala asanathe, musakayendetse m'malo mochitira chimbudzi agalu oyendayenda, chifukwa matenda otsekula m'mimba magazi otchedwa parvo amapha tiagalu tambiri. Itanirani anthuwo pakhomo, kapena kanyamuleni. Mtima wolondera umadza wokha galu akamakhwima, nthawi zambiri akapitirira chaka. Simukuyenera kuukakamiza.

Galu wanga amauwa usiku wonse. Aneba afika pokadandaula kwa alandilodi. Nditani?

Yambani mwamvetsera, chifukwa kuuwa sikumodzi. Kuuwa kothithikana, kolunjika mbali imodzi ya mpanda, ndiye kuti pali chimene waona kapena wamva. Kuuwa kwa "hu... hu... hu" kosatha, kopanda kolowera, ndi kwa galu wosowa chochita, wanjala, wozizidwa kapena woyabwidwa. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikamawaza, galu womangidwa pasimenti popanda ngakhale chiguduli sangagone. Muyang'aneninso nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala.

Kukalipa muli pawindo sikuthandiza. Iye amamva ngati abwana alowa nawo m'kwaya. Chitani izi: akauwa, tulukani mukaone chimene chilipo. Ngati palibe kanthu, nenani mawu amodzi modekha, monga "basi", dikirani atseke pakamwa ngakhale kamphindi, ndipo pomwepo muyamikireni ndi kumupatsa kanthu. Mukulipira kukhala chete, osati kuuwako. Phunziro limeneli liyambe masana wina akagogoda pageti, osati pakati pa usiku muli ndi tulo m'maso.

M'madera ngati Ndirande, Mbayani ndi Bangwe, kumene nyumba zili zothithikana ndipo njira imadutsa m'mbali mwa mpanda, sunthani malo ake ogona achoke pamene amaonera anthu odutsa, ndipo tsekani mipata ya mpanda. Chachikulu koposa, muyendetseni madzulo. Galu amene wagona usana wonse m'khola amakhala ndi mphamvu za tsiku lonse zoti azithere pakhosi.

Nanga akamalira mokoka mawu usiku, si malodza?

Ambiri tinakula tikumva kuti galu akalira chotero pali maliro kapena waona afiti. Kwa agalu, kulira kumeneku ndi kuitanizana patali. Mmodzi akayamba ku Chilomoni, anzake amalandira mpaka kutsidya. Amaliranso akamva sailini ya ambulansi, akanunkhiza galu wamkazi amene ali pa nyengo koma sangamufikire, kapena akasungulumwa. Okhala kufupi ndi phiri la Michiru akudziwanso kuti fungo la fisi limasokoneza agalu a dera lonse.

Kagalu kanga kakutafuna nsapato, mapaipi ndi zovala zapachingwe. Kakulumanso ana m'miyendo.

Kakumera mano. Kagalu kamakhala ndi mano a mkaka 28, amene amayamba kuguluka pa miyezi 3 kapena 4, ndipo pofika miyezi 6 kapena 7 amakhala atamera 42 a ukulu. Nkhama zimayabwa, kutafuna n'kosapeweka. Chimene mungasankhe ndi chinthu chotafunidwacho. Kapatseni chingwe chokhuthala chomanga mfundo kapena fupa lalikulu la ng'ombe losaphika, ndipo nsapato zilowe m'nyumba. Musakapatse silipasi yakale, chifukwa sikadziwa kusiyanitsa yakale ndi imene mwagula dzulo ku Limbe.

Kakaluma dzanja posewera, masewero athere pomwepo: chotsani dzanja, imirirani, kafulatireni kwa kanthawi, kenako kapatseni chingwe chija. Ana ndi amene amavuta apa, chifukwa amakuwa ndi kuthamanga, ndipo kwa kagalu amenewo ndiye masewero okoma. Tiagalu tochotsedwa kwa make tisanakwane masabata 8, monga tambiri togulitsidwa m'mphepete mwa msewu, timaluma mopweteka kwambiri chifukwa sitinaphunzire kwa abale ake kuti mano ali ndi malire.

Amachita chimbudzi pakhonde. Ndikamukalipira amaweramitsa mutu, kusonyeza kuti akudziwa kulakwa kwake. Bwanji sasiya?

Sakudziwa. Akuona nkhope yanu ndi kumva mawu anu, ndiye akukupepesani kuti musamumenye. Galu amalumikiza chilango kapena mphotho ndi chimene wachita m'kamphindi komweko, sekondi imodzi kapena ziwiri. Chimbudzi cha m'bandakucha ndi ndodo ya m'mawa, kwa iye n'zinthu ziwiri zosagwirizana. Kumupaka mphuno m'chimbudzicho kumangomuphunzitsa kuti azikabisala kuseri kwa sofa.

Sankhani malo amodzi kuseri kwa nyumba. Mupititseni kumeneko akangodzuka, akangodya, ndi akatha kusewera. Imani naye mpaka achite, ndipo muyamikireni pomwepo. Kagalu kakang'ono sikatha kusunga mkodzo nthawi yaitali: ka miyezi iwiri kamafuna kutuluka pafupifupi maola awiri alionse. Pamene anaipitsapo tsukani bwino ndi sopo ndi viniga, chifukwa fungo lotsala limamuitanira pomwepo. Galu wamkulu amene anali waukhondo koma wayamba kukodza paliponse, kapena akumwa madzi ambiri modabwitsa, apite kwa dokotala.

Wagwira nkhuku za aneba kawiri. Ena akuti ndimumangirire nkhuku yakufa m'khosi mpaka iwole.

Musatero. Mudzangoitana ntchentche ndi mphutsi pakhosi pake, ndipo agalu ena fungo la zowola amalikonda n'kale. Dzira lotentha loika m'kamwa mwa galu wakuba mazira ndi nkhanza yomweyo, limatentha lilime koma khalidwe osalikhudza.

Vuto la nkhuku n'lovuta chifukwa mphotho yake ili m'kuthamangitsa kweniko. Nkhuku ikakupiza mapiko n'kuthawa ikulira, magazi a galu amawira, kaya aigwira kaya ayi. Tsono choyamba si kuphunzitsa koma kutseka mpata: lipirani nkhuku za eni mwaulemu nkhani isanafike kwa amfumu kapena kupolisi, konzani mpanda, ndipo galu asamayende yekha nthawi imene nkhuku zili panja. Nthawi iliyonse imene wathamangitsa, khalidwelo limazika mizu.

Kenako phunziro. Mumangeni chingwe, ikani nkhuku m'chitatanga kapena m'khola lake, ndipo imani patali pamene galu akuiona koma sanaume thupi. Akangoiyang'ana n'kucheukira kwa inu, mupatseni usipa. Akaiyang'anitsitsa osaphethira, mwayandikira kwambiri, bwererani m'mbuyo. Tsiku ndi tsiku sunthirani pafupi pang'ono. Zimatenga masabata, ndipo galu amene wapha kale kangapo mwina sadzakhala woti n'kumusiya yekha ndi anapiye ngakhale aphunzire chotani. Zimenezi ndi bwino kuzivomereza kusiyana ndi kudzinamiza.

Onaninso m'mbale mwake. Galu wodya mkute wa nsima wokha amakhala ndi nkhuli. Sakanizani nsima ya mgaiwa ndi usipa, bonya, zam'kati mwa ng'ombe zophika kapena dzira. Mafupa a nkhuku ophika ayi, amasweka n'kulasa m'matumbo, ndipo ndiwo zodzaza anyezi sizimuyenera. Za mazira, kwezani zisa ndi kumatola msanga.

Amathamangitsa akabaza ndi njinga zodutsa.

Taganizirani mmene iye amaonera: njinga yabwera, wauwa, waithamangitsa, yathawa. Wapambana! Sadziwa kuti wakabaza amangopita ulendo wake. Ndiye mawa abwerezanso, mpaka tsiku lina agwetse munthu kapena agundidwe. Geti likhale lotseka, ndipo njira ya nkhuku ija igwiritseni ntchito pano: chingwe, mtunda wokwanira kuchokera kumsewu, usipa nthawi iliyonse njinga ikadutsa iye n'kuyang'ana inu.

Amadzuma mwana akayandikira mbale yake. Ndimumenye kuti adziwe mwini nyumba?

Kudzuma ndi chenjezo, ndipo muzithokoza kuti galu wanu amachenjeza. Mukamumenya chifukwa chodzuma, mantha ake oti alandidwa chakudya sachoka, chimachoka ndi chenjezolo. Ulendo wina adzaluma osanena kanthu, ndipo nkhope ya mwana wokwawa ili pamlingo wa mano ake.

Zoti galu amafuna kulanda ufumu pakhomo, choncho muyenera kumugonjetsa pomugwetsa chagada kapena kumulanda mbale, zinachokera ku kafukufuku wakale wa mimbulu yotsekeredwa pamodzi m'mipanda, ndipo akatswiri anazisiya kalekale. Galu wodzuma pambale sakufuna mpando wa abambo, akuopa njala.

Lamulo la pakhomo likhale loti galu akamadya, akamagona, kapena wamkazi akakhala ndi ana, mwana asamuyandikire. Mudyetseni pamalo pake payekha. Inu akuluakulu, podutsa chapatali iye akudya, muponyereni kanthu kokoma kuposa kali m'mbalemo n'kupitirira. Pang'onopang'ono aphunzira kuti munthu woyandikira amawonjezera, salanda.

Phunziraninso kuwerenga thupi lake, chifukwa kudzuma kusanafike pamakhala zizindikiro zina: kuuma thupi mwadzidzidzi, kutembenuzira mutu kumbali uku akuyang'ana cham'mbali mpaka zoyera za m'maso kuoneka, kunyambita mphuno, kuyasamula popanda tulo, makutu kugonera m'mbuyo. Kugwedeza mchira si nthawi zonse kumatanthauza chimwemwe. Mchira woimirira nji, wogwedezeka mothina, ndi wa galu amene ali pafupi kuchita kanthu.

Amadumphira alendo n'kuwadetsa zovala za kutchalitchi.

Akufuna moni. Kumukankha ndi manja ndi kumukalipira, kwa iye ndi moni womwewo. Aliyense pakhomo amufulatire akadumpha, amusisite pokhapokha miyendo inayi ili pansi. Alendo akagogoda, mumangeni chingwe ndi kumukhazika pansi musanatsegule. Kumbukirani kuti alendo ambiri amaopa agalu, ndipo mawu oti "saluma ameneyu" sanatonthozepo munthu.

Amadumpha mpanda n'kusowa masiku angapo. Akabwera amakhala ndi mabala.

Kawirikawiri pali galu wamkazi amene ali pa nyengo. Wamkazi amalowa nyengo pafupifupi kawiri pachaka, kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo fungo lake limasonkhanitsa amphongo a dera lonse. Kumeneko ndi kumene amalumana, kutengera chiwewe, komanso chotupa chotuluka magazi kumaliseche chimene chimafala pokwerana. Kufula wamphongo kumachepetsa kwambiri kuyendayenda, ndipo kutseketsa wamkazi kumakupulumutsani ku tiagalu tobadwa patatha masiku pafupifupi 63 topanda wotitenga. Ichite ndi dokotala wa ziweto, osati mnyamata wa lezala kapena labala. Galu wofulidwa sasiya kuuwa wakuba. Bungwe loteteza nyama ku nkhanza la Blantyre SPCA ndi madokotala a ziweto a m'tauni muno angakuuzeni za opaleshoni imeneyi.

Chinthu chimodzi: akabwerera, musamumenye, ngakhale mtima uli pamwamba. Iye adzamva kuti wamenyedwa chifukwa chobwera.

Makombola a Chaka Chatsopano ndi mabingu a mvula yoyamba amamupengetsa.

Makutu a galu ndi akuthwa kuposa athu, ndipo mantha sachotsedwa ndi ndodo. Usiku wa pa 31 December, kapena mitambo ikayamba kuda mu November, mudyetseni msanga n'kumulowetsa m'sitolo kapena m'khitchini, muyalireni chiguduli, tsegulani wailesi. Akafuna kubisala pansi pa tebulo, msiyeni. Musamusiye pa tcheni pabwalo: agalu ogwidwa ndi mantha amadumpha mpanda ali omangidwa n'kudzipachika.

Kodi ndingamuphunzitse kukana nyama yoponyedwa ndi akuba?

Pang'ono chabe, ndipo amene akulonjezani kuti galu wanu sadzadyanso cha munthu wina, musamukhulupirire msanga. Mungamuphunzitse mawu oti "siya": fumbatani chakudya m'dzanja, mulekeni anunkhize ndi kukanda, akangochotsa mphuno nenani "eya" n'kumupatsa china chochokera kudzanja linalo. Kenako chakudya chikhale pansi, kenako pabwalo. Koma usiku inu kulibe. Chodalirika ndi kumudyetsa mokwanira madzulo, kumugoneka pafupi ndi nyumba osati m'mphepete mwa mpanda wa kumsewu, ndi kuzungulira bwalo m'mawa uliwonse. Mukaona dovu lambiri, kunjenjemera, kusanza ndi kutsekula m'mimba mwadzidzidzi, thamangani naye kwa dokotala nthawi yomweyo. Poizoni ngati tameki sadikira kuti kuche, ndipo mkaka sumuchiza.

Galu wanga anali wofatsa, koma masiku ano wasintha. Akuluma chilichonse.

Apa siyani kaye nkhani ya maphunziro. Galu wosintha khalidwe mwadzidzidzi amakhala akumva ululu kapena akudwala: dzino, khutu, bala lobisika, nyamakazi ya ukalamba. Koma mu Blantyre muno choyamba kuganizira ndi chiwewe, makamaka ngati sanabayitse katemera kapena analumana ndi agalu ena masabata apitawo.

Galu wa chiwewe amatha kulusa, kuluma mitengo, miyala ndi tcheni chake, kusintha mawu pouwa, ndi kuyenda mosadziwa kolowera. Koma pali mtundu wina wachete: amangofooka, chibwano chimalendewera, dovu likuchucha, ngati watsamwa fupa. Musapise dzanja m'kamwa mwake kuti muchotse fupalo. Mutsekereni bwino popanda kumugwira, ana atalikire, ndipo dziwitsani a zaziweto.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Queen Elizabeth kaya kuchipatala cha m'dera lanu, mukafunse za katemera wa chiwewe. Musadikire kuona ngati bala lipola, ndipo musataye nthawi ndi kuwotcha ubweya wa galuyo n'kupaka pabala. Zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka mwa munthu, kuchira kulibe. Galu wolumayo, ngati n'kotheka, asungidwe motsekeredwa kwa masiku 10 kuti a zaziweto amuone, koma wolumidwayo asadikire masiku amenewo kuti apite kuchipatala.

Mzinda uno unadziwika ndi imfa za ana ofa ndi chiwewe ku Queen Elizabeth, n'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito kuno mu 2015. Chaka chimenecho agalu oposa 35,000 anabayidwa katemera m'masiku 20, ena m'masukulu a pulayimale, ena khomo ndi khomo. Kuti matendawa aleke kufala pamafunika kuti agalu 70 mwa 100 alionse akhale obayidwa, choncho galu wanu wotsekeredwa kumpanda nayenso akuwerengedwa. Mukamva chilengezo cha katemera waulere, pitani naye, ndipo sungani khadi lake. Uzaninso ana kuti galu wachilendo akawalondola asathamange kapena kumugenda, angoima chilili, manja atawapinda pachifuwa, osamuyang'ana m'maso.

Ndiyambire pati kumuphunzitsa? Ndipo galu wachikuda amamva ngati German Shepherd?

Amamva, ndipo pa nkhani yopirira kutentha kwa October ndi matenda a kuno nthawi zambiri amaposa agalu odula. Wamkulunso amaphunzira, kungoti amachedwa kusiya zimene anazolowera. Chilankhulo chilibe kanthu. "Sit" ndi "khala" kwa galu ndi phokoso chabe. Chofunika n'chakuti bambo, mayi, ana, wantchito ndi alonda agwiritse ntchito mawu amodzi.

Yambani ndi "khala". Asanadye chakudya chamadzulo, ikani usipa wouma m'thumba, muduleduleni tizidutswa. Gwirani kachidutswa pafupi ndi mphuno yake, kwezani dzanja pang'onopang'ono chakumutu kwake. Mphuno ikamatsata m'mwamba, matako amatsika okha. Akangokhudza pansi, nenani "eya" n'kumupatsa. Akazolowera, yambani kunena "khala" musanakweze dzanja. Mphindi zisanu, kawiri kapena katatu patsiku, zimaposa ola lathunthu Loweruka. Lekezani akadali ndi chidwi.

Chachiwiri ndi "bwera", ndipo mawu amenewa ndi amene angadzapulumutse mwana wa eni tsiku lina. Yambirani pafupi, pabwalo lopanda zosokoneza, ndipo nthawi zonse akafika alandire kanthu. Musamuitane kuti mumumenye kapena kuti mumutsekere basi. Ngati "bwera" amatanthauza khola tsiku lililonse, aphunzira kuthawa. Akagwira phunziro, chepetsani usipa, muzimupatsa mwa apo ndi apo, koma kumuyamikira kusathe.

Kodi ndimutumize kwa wophunzitsa agalu?

Ngati galu waluma kale munthu, kapena ndi wamkulu ngati Boerboel kapena Rottweiler woti simungamugwire pachingwe, funani thandizo, koma yambirani kwa dokotala wa ziweto kuti aone ngati sakudwala. Posankha wophunzitsa, pemphani kuonerera akugwira ntchito ndi galu wina musanapereke ndalama. Onani ngati galuyo akubwera kwa iye mchira uli womasuka kapena akukwawa ndi mimba. Wogwiritsa ntchito chikoti, wonyonga galu ndi tcheni, kapena wolemba anyamata kuti azimuputa ndi ndodo ali womangidwa, mutsanzikeni. Ndipo ndi bwino kuti aziphunzitsira pakhomo panu inu mulipo, pamodzi ndi amene amamupatsa chakudya ndi amene amatsegula geti, chifukwa galu wokaphunzira kwina amamvera wophunzitsayo, akabwerera n'kupeza pakhomo zonse zili monga kale, pakatha mwezi amayambiranso.